Kontena Imene Inapita ku Chinkhoswe

Ntchito yanga pa fakitale ya tiyi ndi yotsanzikana ndi katundu. Ena amatchola, ena amafotetsa masamba, ena amaumitsa ndi kulawa. Ine tiyi amandipeza ali kale m'matumba a pepala, atadindidwa nambala, ndipo changa ndi kulemba kuti watuluka tsiku lakuti, pa galimoto yakuti, kupita kwakuti. Ndakhala pa tebulo limenelo, pakhomo pa shedi, zaka zoposa makumi awiri. Mayina a madoko a kutsidya kwa nyanja ndimawalemba osaphonya chilembo, koma ineyo kutali kumene ndinafikako ndi ku Lilongwe, kamodzi kokha, ku maliro.

Zaka zambiri tiyi wathu ankachoka pa malole a bambo ena achikulire a ku Luchenza. Tinkangowatchula kuti ahaji chifukwa anapitako ku Maka. Anali ndi malole atatu okalamba, ndipo ankabwera okha m'mawa kudzaona katundu akukwezedwa. Iwo sanali Alomwe ngati ambirife, koma chilankhulo chathu anachitola kwa anthu onyamula matumba, kuphatikizapo malemu bambo anga. Akafika pa tebulo langa ankati, "Mosheliwa, mwana wanga," ine n'kuyankha kuti ndadzuka bwino. Matumba ankakawasiya ku Limbe, ku nyumba yosungira katundu, ndipo kumeneko ena ankawalonga m'makontena n'kuwatumiza pa msewu ku madoko a kum'mwera. Zinkatenga nthawi, koma zinkafika.

Kuchoka pa fakitale kukafika pa tala pali msewu wafumbi wokhotakhota m'minda ya tiyi. Umatsetsereka mpaka pa kamtsinje, n'kukweranso. Pa kamtsinjepo panali mlatho wakalekale, wa zitsulo ziwiri ndi simenti yopyapyala pamwamba. Madalaivala a ahaji ankawoloka pang'onopang'ono ngati akudutsa pamanda, ndipo lole sinkadzazidwa kupitirira mzere umene mwini wake anajambula ndi penti.

Kenako kunabwera chitukuko. Pa wailesi tinkamva kuti njanji ikukonzedwa ndi ndalama za mayiko akunja, ndiponso kuti doko la ku Mozambiki alikulitsa, aikamo makina onyamula makontena ataliatali ngati mitengo ya bulugamu. Tsiku lina abwana athu, manejala wa fakitale, anatisonkhanitsa mu shedi. Iwo ndi Mmalawi mnzathu, wophunzira kwambiri, munthu wabwino ndithu koma wokhulupirira chilichonse chimene chabwera pa pepala losalala. Anabwera ndi mlendo wa suti wochokera ku kampani yaikulu yonyamula katundu. Mlendoyo anaonetsa mapu pakhoma. Panali mzere wobiriwira wochokera ku Thyolo, kudzera ku Limbe, kulowa mu Mozambiki, kugwera m'nyanja, n'kutulukira ku Ulaya. Pakhomapo ulendo wonse unali wotalika ngati mkono wanga.

Mlendoyo ankangobwereza mawu akuti sapulayi tcheni. Akapitawo a mu shedi, amene ankamasulira, anakanda mutu n'kunena kuti ndi unyolo wa katundu, ndipo tonsefe tili mu unyolowo. Bambo wina wosoka matumba anayankhula chapansipansi kumbuyo kwanga.

"Agogo athu anathawa unyolo ku Mozambiki wapansi. Lero watilondola pa sitima?"

Anthu anaseka, mlendo nayenso anaseka poganiza kuti tasangalala.

Dongosolo latsopano linali lakuti kontena izibwera pakhomo penipeni pa fakitale pa thiraki yaikulu. Tizilonga tiyi tokha, kutseka, kumanga chidindo chachitsulo pa chitseko, ndipo isatsegulidwenso mpaka kwa ogula. Thiraki izikaisiya pa njanji ku Limbe, sitima izikaitula pa doko. Pa chitseko cha kontena iliyonse pazikhala kabokosi kachikasu kolankhula ndi setilaiti, kuti ogula ali ku ofesi kwawo aziona kadontho kakuyenda pa kompyuta. Pa dongosolo lonseli panalibe malo a malole atatu okalamba.

Kalata yowauza ahaji ndinatayipa ndine, ndipo ndinapereka ndine, chifukwa tsiku limenelo abwana anapezeka kuti ali ndi msonkhano. Ahaji anaitembenuza kawiri.

"Werenga iweyo, mwana wanga. Magalasi ndasiya kunyumba."

Magalasiwo ndinkawaona m'thumba la malaya awo. Ndinawerenga mawu onse othokoza chifukwa cha utumiki wa zaka zambiri, mawu amene ndinawakometsa ndekha usanafike mzere wowachotsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapinda kalatayo bwinobwino.

"Palibe kanthu. Dziko likuyenda, ifenso tiyende. Koma tandiuza, mlatho uja mwaufunsa?"

"Kuufunsa chiyani, ahaji?"

"Ngati ukufuna thiraki."

Mawuwo ndinakawafikitsa kwa abwana. Anandiyankha mokoma mtima kuti akatswiri a kampani ija anaunika kale njira yonse pa zithunzi za mumlengalenga, ndipo anapeza kuti msewu ulipo. Zoonadi, kuchokera kumwamba msewu unalipo.

Kontena yoyamba inabwera m'chilimwe. Tinavala mayunifolomu ochapa, amayi otchola anaimba nyimbo, abwana anajambulitsa atagwira chidindo. Thiraki inawoloka mlatho bwinobwino. Madzulo ake tonse a mu ofesi tinaunjikana pa kompyuta yanga kuonera kadontho kakukwawa kulowera ku Limbe, ndipo sindinama, ndinanyada. Yachiwiri ikuwoloka, alonda a pa mlatho anati anamva chitsulo chikulira ngati mbuzi yomangidwa. Zimenezo sizinalembedwe paliponse, poti pa fomu panalibe malo ake.

Yachitatu inafika mvula itayamba. Dalaivala anasiya ngolo ndi kontena yake pakhomo pa shedi, n'kubwerera ndi mutu wa thiraki, akuti adzatenga pakapita masiku awiri tikamaliza kulonga. Tinalonga, tinatseka, tinamanga chidindo. Masiku awiri amenewo mvula sinapume. Kamtsinje kamene ana amakadumpha m'chilimwe kanadzaza, kanakumba pansi pa mlatho pamene panali patang'ambika kale, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu mbali imodzi inapezeka itagwada m'madzi. Dalaivala anafika kutsidya, anatsika, anajambula ndi foni, anatikwezera dzanja, n'kutembenuza.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti kunja kuli anthu ambiri otiganizira. Makalata a pa kompyuta ankabwera kuchokera kwa ogula, kwa eni sitima ya pamadzi, kwa a pa doko, kwa a inshuwalansi, onse akufunsa chinthu chimodzi: kadontho kaimiranji? Sitima ya pamadzi inali ndi tsiku lake lonyamukira, ndipo tiyi wathu anali ndi malo ake m'menemo. Ogula anati akufuna kusakaniza tiyi wathuyo ndi wa mayiko ena, ndiye akachedwa makina awo aima. Ndinkawerenga ndikuyang'ana pa windo, kontena ili phee, madzi akutsika m'mbali mwake, nkhuku za alonda zitabisala pansi pa ngolo.

Kampani ya mathiraki inati galimoto zake siziyenda pa njira yosavomerezeka, ndipo ilibe galimoto zazing'ono. Eni esiteti anati katswiri wa milatho adzabwera mvula ikatha. Abwana anayenda uku ndi uku mu ofesi masiku atatu, kenako anaima pa tebulo langa.

"Mayi, ahaji aja mumadziwa kumene amakhala?"

"Aliyense ku Luchenza amadziwa, abwana."

"Ndiye mundiperekeze. Inu amakumverani."

Tinawoloka kamtsinje pa mitengo iwiri ya bulugamu imene anthu anagoneka kuti azipitira ku msika. Kutsidya kunalibe galimoto, ndiye tinakwera kabaza mpaka pa tala. Abwana anakhala kumbuyo kwa njinga atakumbatira chikwama cha kompyuta, nsapato zawo zopolisha zili lende, matope akuwathira m'buluku. Amayi otchola anaimika manja m'munda n'kumationerera mpaka tinakhota. Palibe anaseka mokweza, koma madengu kumsana kwawo ankagwedezeka.

Ine m'njira monse ndinkakonza nkhope yachisoni, poganiza kuti tikapeza malole atatu atagona pa mawilo akuphwa ndi nkhalamba itawonda. Tinapeza bwalo lili mbee, mulibe lole ndi imodzi yomwe, nyumba itapakidwa penti watsopano, ahaji ali pakhonde atanenepa masaya.

"Malole ali kuti, ahaji?" ndinafunsa titapatsana moni.

"Ali ku ntchito, mwana wanga. Akututa miyala ya njanji. Njanji yanu ija imadya miyala ngati nkhuku chimanga. Chichokereni kwanu kuja sanagonepo tsiku limodzi, mpaka ndagula yachinayi."

Anaitanitsa tiyi. Anali tiyi wafumbi uja wa m'timapaketi ta m'golosale, amene timatsala naye kuno wabwino akapita kunja. Abwana anamwa ngati mankhwala, n'kuyamba kufotokoza za mvula yachilendo, za kusintha kwa nyengo, za kuti palibe akanadziwa. Ahaji ankangogwedeza mutu. Ndinkadikira kuti anene kuti paja ndinakuuzani. Akananena, abwana akanapeza pogwira, mwina akanakwiyako pang'ono n'kupepukidwa. Koma ahaji sananene. Anawathiranso tiyi wina.

"Abwana, musavutike ndi mawu ambiri. Tiyi ameneyo wandilerera ana. Yatsopanoyo ndi ziwiri zinazo zili ndi eni ake mpaka mwezi uthe. Ndikupatsani yakale kuposa zonse ija, Lachisanu tikatuluka ku mzikiti, ndi Loweruka lonse. Idzaima kutsidya. Kuwolotsa matumba ndi kwanu."

Choncho Lachisanu tinadula chidindo chimene chinayenera kudulidwa ku Ulaya. Matumba anatuluka m'kontena, anakwera ngolo ya thirakitala atafundidwa lona, anatsikira ku mtsinje. Pamenepo akalipentala anali atawonjezera mitengo ndi matabwa kuti pakhale kanjira kokwana njinga. Mbiri inali itafika kale ku Khonjeni, ndipo akabaza anabwera ochuluka kuposa amene tinawaitana. Aliyense ankamanga thumba limodzi pa kaliyala, kulikulunga ndi pulasitiki, n'kukankha njinga kuwoloka, kukwera chitunda choterera mpaka pamene lole inaima pouma. Abwana anavula jekete n'kuima pakati pa matope, akuwongolera njinga ndi manja ngati wapolisi wa pamsewu mu Blantyre.

Thumba limodzi linagwa. Njinga inaterereka pa thabwa, mwini wake anagwira mtengo, katundu n'kupita m'madzi. Pepala linang'ambika ndipo kamtsinje konse kanafiira, fungo la tiyi wa giredi yoyamba linakwera mpaka kumtunda. Amayi ena amene ankachapa kumunsi anakuwa kuti, "Abwana, shuga ndiye mubweretsa liti?" Aka kanali koyamba kuti anthu a kumunsi kwa esiteti alandire tiyi wotumiza kunja, ndipo anamulandira ndi mapazi.

Pobwerera ku ofesi ndinapeza fomu ya pa kompyuta ikundidikira. Inkafuna ndisankhe njira imene katundu wayendera, ndipo inandipatsa zinayi: msewu, njanji, nyanja, ndege. Ndinafufuza njinga, sindinaipeze. Ndinasankha msewu, poti njinga nazonso sizinauluke.

Vuto linatsala linali kadontho. Tiyi ankayenda, koma kabokosi kachikasu kanali kakadali pa kontena ija, kakuuzabe dziko lonse kuti katundu ali pa fakitale. Abwana anaitana amakanika, anakamasula, n'kundipatsa m'manja.

"Mawa mupite ndi ulendo womaliza, mutenge mapepala ndi aka. Azungu aone kuti zinthu zikuyenda."

Loweruka ndinakhala kutsogolo kwa lole yakale ija, kabokosi kali m'chikwama changa pamodzi ndi chitenje ndi nsapato za pa mwambo, chifukwa madzulo ake kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga kwathu kwa Mphuka. Tisanafike n'komwe ku Bvumbwe abwana anaimba foni, mawu ali odzaza ndi chimwemwe. Akuti ogula alemba kale kuthokoza kuti kontena yanyamuka.

Ku Limbe ndinaona ndi maso anga chitukuko chija, ndipo chinali chenicheni. Bwalo lalikulu la simenti, makontena osanjikizana ngati njerwa, makina akuwanyamula ngati mabokosi a machesi. Matumba athu anawalonga m'kontena ina. Nditatulutsa kabokosi, kalaliki wa pamenepo anakakankhira kwa ine.

"Iyi ili ndi kake kale, mayi. Ako mubwerere nako, ndi ka kontena yanu ija."

Ndinakabwezera m'chikwama, pansi pa chitenje, ndipo mutu wanga unapita ku chinkhoswe. Ndinadutsa mu msika kugula mbale zoti ndikapereke. Ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, ndipo pamene njinga yamoto inalephera chifukwa cha matope ndinayenda wapansi, kudutsa m'minda ya nthochi ndi chinangwa, kukwera phiri mpaka kwa achemwali. Chinkhoswe chinakoma. Ndinavina chikwama chili paphewa, poopa manja a anthu pa chigulu. Lamulungu ndinapita ku tchalitchi, ndinakazonda azakhali odwala kutsidya kwa dambo, n'kubwerera ku esiteti dzuwa likupendeka.

Lolemba ndinapeza abwana atafika kale, atakhala pa mpando wanga, maso ali pa kompyuta. 

"Mayi, tabwerani muone."

Pa mapu panali mzere wofiira. Unachoka pa fakitale, unafika ku Limbe bwinobwino, kenako unalowa mu msika n'kuzungulira mizere ya ogulitsa. Unabwerera ku Thyolo, unasiya tala, unasiya ngakhale msewu wafumbi, n'kukwera phiri pamalo pamene mapu ankaonetsa zobiriwira zokhazokha. Pamwamba pa phiripo unapota timizere tambirimbiri pamalo amodzi, ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Kumeneko kunali kuvina kuja.

Zinapezeka kuti a ku Limbe anali asanalowetse nambala ya kontena yatsopano, poti linali Loweruka masana. Kwa anthu onse akunja, tiyi wawo anali adakali ndi kabokosi kakale. Makalata anali atadzaza. Wina analemba kuti kontena yabedwa ndipo akuba aibisa m'nkhalango. Wina anafunsa ngati m'dera limenelo muli zigawenga. Wa inshuwalansi, munthu wodekha, anangofuna kudziwa kuti thiraki ya mawilo ochuluka chotero inakwera bwanji phiri lopanda msewu, ndiponso n'chifukwa chiyani Lamulungu m'mawa inaima maola awiri pa tchalitchi.

Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kabokosi, ndinakaika pa tebulo. Kanali ndi ufa pang'ono umene anandiwaza povina. Ndinaona ntchito yanga ya zaka zonsezi ikutha chifukwa cha chinkhoswe. Abwana anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine, anayang'ananso timizere topotana tija.

"Apa ndiye pati?"

"Pa bwalo la achemwali, abwana. Pamene ankaimba ng'oma."

Anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anaseka mpaka anagwetsa mutu pa tebulo, misozi ikutuluka, akapitawo n'kusuzumira pakhomo kuti aone ngati kwagwa zina. Chigwereni mlatho ndinali ndisanawaone akuseka. Atapuma anapukuta magalasi n'kundiuza kuti ndilembe yankho. Tinalemba kuti katundu ali bwinobwino ku Limbe m'kontena yakuti, ndipo chipangizo chakale tinachitenga kukachiyesa m'madera ovuta kufikako. Tsiku lomwelo kampani ya mathiraki inayankha mosangalala kuti chipangizo chawo chaonetsa kuti chimagwira ntchito ngakhale kumapiri, ndipo anatithokoza chifukwa cha mtima wofuna kupititsa luso patsogolo.

Tiyi uja sitima ya pamadzi inamusiyabe. Anakhala pa bwalo la simenti ku Limbe milungu ingapo kudikira mpata, chifukwa pa njanji yopita ku doko pankadutsa kaye masitima ataliatali a malasha, amene njanjiyo anaikonzera poyamba. Anadzakwera sitima ina yotsatira, ndipo anafika kwa ogula mochedwa kuposa m'masiku a malole atatu. Sindikunena kuti njanji ndi yoipa. Masiku ano zikayenda bwino kontena imafikadi msanga, ndipo feteleza wa esiteti sachedwanso ngati kale. Koma mwezi umene mvula yagwa kwambiri ku Mozambiki, kapena sitima zapamadzi zasintha njira chifukwa cha nkhondo za kumene sindikudziwa, shedi yathu imadzaza mpaka kudenga, ndipo ine ndimakhala pa tebulo langa wopanda chotsanzikana nacho.

Ahaji sanabwererenso kwa ife ngati kale. Abwana anawapempha kuti azikhala pafupi, mwina tingadzawafune, koma iwo anati miyala ilibe fomu. Miyezi yonse ya mvula ija anatithandiza ndi lole yakale pamene inali ndi mpata, ndipo akabaza a ku Khonjeni anadya bwino chaka chimenecho moti ena ankafunsa alonda ngati mlatho watsopano udzakhale wolimba kwambiri.

Unakhaladi wolimba. Katswiri anabwera mvula itatha, ndipo pofika kumapeto kwa chilimwe panali mlatho wa simenti wotakata, wa zitsulo m'mbali. Anthu a m'makomboni a esiteti anali atadandaula za mlatho wakale uja kwa zaka zambiri, makamaka amayi oyembekezera ndi odwala amene ankanyamulidwa pa machira madzi akadzaza. Madandaulo awo ankalandiridwa mwaulemu. Kontena imodzi yopanda kanthu, imene eni ake kunja ankaifuna mwezi ndi mwezi, inachita zimene iwo analephera. Pano ambulansi imafika mpaka pa kiliniki ngakhale mu Januwale.

Kontenayo inakhala pakhomo pa shedi pafupifupi chaka. Poyamba tinkaizungulira mwaulemu ngati katundu wa eni. Kenako alonda anayamba kusungamo njinga zawo. Amayi osankha tiyi anapeza kuti masana imagwetsa mthunzi wabwino mbali ya kum'mawa, ndipo anasamutsirako mabenchi awo odyerapo. Wina anamanga chingwe kuchokera pa chitseko chake kukafika pa mpanda, n'kumayanikapo majasi a mvula. Tsiku limene mutu wa thiraki unabwera kudzaikoka, amayi anakana kusuntha mpaka amalize kudya, ndipo dalaivala anadikira, injini ikulira. Itachoka panatsala malo a udzu woyera, aatali ngati nyumba. Mawa lake nthumwi za amayiwo zinabwera pa tebulo langa kudzafunsa ngati ndingalembe kalata kunja kuti atitumizire ina yoti izingokhala.